Loweruka la Dibi

Loweruka linali tsiku la dibi. Aliyense wa pa Boma la Mchinji amene anali ndi galu woti n'kumupatsa dzina ankadziwa zimenezo, moti masitolo asanatsegule n'komwe, kuseri kwa kachipatala ka ziweto ka a Dokotala Anasi Mbewe kunkakhala kutadzaza kale. Agalu a mabwana a m'maofesi ankabwera pa tcheni, onenepa, akukoka alonda omwe tulo tinali tisanawathere m'maso. Agalu a anthu wamba ankabwera pa chingwe chong'amba ku neti ya udzudzu, nthiti zili pamtunda, koma ndiwo ankauwa mwamatama kuposa onse. Pakati pa chiphokoso chonsecho pankakhala mgolo wodula pakati, wodzaza madzi a mankhwala ophera nkhupakupa ndi nthata, ndipo pambali pake pankaima Benedicto Zulu atavala magolovesi ofika m'zigongono.

Benedicto sanali dokotala, ngakhale anthu ankamuitana choncho iye n'kumavomera bwinobwino. Anali wothandizira a Dokotala Anasi. Iye ndiye ankagwira agalu olusa, kubaya katemera wa chiwewe, kutsuka mabala, kufinya mphutsi pakhungu la tiana ta agalu m'dzinja, ndi kukolopa zonse zimene nyama yamantha imasiya pansi. Pakati pa sabata anali munthu wosamala. Koma Loweruka manja ankangogwira okha ntchito, maso ali ku msewu wochokera ku Guilleme, ndipo tsiku lina anamiza galu wa abusa kawiri eni ake ali pomwepo. Ankadikira mwana wake. Ivy, mwana wake mmodzi yekhayo, ankamuona Loweruka basi, ndipo ankamuona chifukwa cha galu.

Kuti zifike pamenepa, mlandu wina unali wa mwambo, wina wa pakamwa pa Benedicto. Kwawo ndi ku Mlonyeni, kumene mwamuna amalowola ndipo ana amakhala ake. Koma mtima wake unakagwera pa Consolata, mtsikana wa m'mudzi wina kufupi ndi Guilleme, ndipo kumeneko ndi kwa chikamwini, mwamuna ndiye amasamuka n'kukamanga kwa mkazi. Benedicto anapita akuseka. Anaumba njerwa, anakhoma malata, anadzala mango ndi magwafa, m'mawa uliwonse n'kumapalasa njinga kubwera ku ntchito ku Boma. Zoti nyumbayo yaima pa dothi la eni ake sankazikumbukira n'komwe, chifukwa Consolata sankamupatsa mpata wodzimva mlendo.

Consolata anadwala masiku ochepa chabe, malungo aakulu, n'kupita. Nthawi ya maliro itatha, akuchikazi anaitana Benedicto pabwalo kuti amusudzule monga mwa mwambo. Anamuthokoza kuti anawasungira bwino mwana wawo, n'kumuuza kuti tsopano ndi womasuka, akhoza kubwerera kwawo kapena kukwatira kwina. Iye anathokoza, n'kuwonjezera ngati nkhani yosafuna kukambirana kuti Ivy apita naye. Pamenepo a Mateyo, achimwene ake a Consolata amenenso anali mwini mbumba, anayankha mofatsa kuti mwana ndi wa kuchikazi, ndipo atsala ndi amayi ake aang'ono. Munthu wanzeru akanapempha kuti akambirane tsiku lina, mitima itazizira. Benedicto sanatero. Ananyoza mudzi, ananyoza sukulu ya kumeneko, ananena kuti mwana wake sangakulire kupalira mtedza. A Mateyo nawo magazi anawira, n'kulamula kuti mwanayo asamapite ku Boma popanda chifukwa. Benedicto anaimirira, anasasa fumbi pa thalauza, n'kulumbira potchula dzina la malemu kuti phazi lake silidzapondanso m'mudzimo. Bwalo lonse linamva.

Anachoka ndi zovala, njinga yake ndi wayilesi. Galu anatsala. Galuyo anali wamkazi, wachikasu, ndipo Benedicto anamupeza kalekale ali kamwana, wina atamutaya m'katoni pakhomo la chipatala. Atafika naye kunyumba Consolata anakana kwamtuwagalu kuti sakufuna pakamwa pena podyetsa, koma usiku womwewo ndiye anamuphikira phala, ndipo poona mimba yake itatupa n'kukhuta anamutcha Dzungu. Tsiku losudzulalo Ivy anakhala kuseri kwa nkhokwe atakumbatira khosi la Dzungu, ndipo bambo ake analibe mtima wolanda mwanayo chinthu china.

Anapeza kachipinda ka lendi kuseri kwa msika. Miyezi imeneyo sitiikamba zambiri, chifukwa palibe chokoma pa mwamuna wamkulu amene akudya chiimire kuti asaone kuti mbale ndi imodzi. Ankamusowa mwanayo mpaka m'mafupa. Ankati akaona mtsikana wa yunifolomu ya pulayimale pamsewu, n'kuchepetsa liwiro la njinga.

Kenako Loweruka lina a Ismaili, a sitolo yoyandikana ndi chipatala, amene tsiku la dibi ankakhala pakhonde lawo atakwinya mkanjo kuopa kudonthezedwa madzi a agalu, anamuitana kuti kuli mlendo wake. Anali Ivy, akukankha njinga ya amayi ake, fumbi lili mpaka m'mawondo, Dzungu akuthamanga pambali lilime lili panja. Mwanayo sanamuthamangire bambo ake. Anaima patali pang'ono, anagwada monga anamuphunzitsira amayi ake, n'kunena mawu amene anaoneka kuti wawaloweza njira yonse.

"Ababa, galu ali ndi nkhupakupa."

Benedicto anagwada n'kuyamba kufufuza m'makutu mwa Dzungu kuti mwana asaone nkhope yake. Nkhupakupa zimene anapezamo zinali zoti munthu n'kuzichotsa ndi zala ali chikhalire pakhonde. Koma iye anapukusa mutu ngati waona zoopsa, n'kulengeza kuti galu ameneyu akufunika dibi Loweruka lililonse osadumphitsa, ndipo Ivy akawauze amalume ake zomwezo. A Mateyo anali ndi khola la mbuzi, ndipo munthu wa mbuzi sachita masewera ndi nkhupakupa. Chifukwa chinapezeka.

Dibi ili ndi lamulo limodzi limene Benedicto anayamba kulikonda kuposa malamulo onse a ntchito yake. Galu akatuluka mumgolo saloledwa kudzinyambita mpaka ataumiratu, chifukwa mankhwalawo ndi poizoni. Mwini wake amayenera kukhala naye padzuwa, chingwe chili m'manja. Agalu a anthu ena ankauma msanga. Dzungu yekha, amene ankamizidwa pomalizira anthu onse atapita, ubweya wake unkachedwa kuuma modabwitsa. Bambo ndi mwana ankakhala pa benchi kuseri kwa chipatala, galu ali pakati pawo, akudya mandasi ndi tiyi wa kwa a Ismaili. Benedicto ankati akakhudza msana wa Dzungu, n'kunena kuti pakadali chinyezi, ndipo Ivy ankavomereza kuti inde pakadali chinyezi, dzuwa litafika kale paliwombo.

Sankakamba zazikulu. Kuti ndakusowa, Benedicto pakamwa pake sipankatuluka. Ankafunsa ngati galu akudya bwino, ngati galu akugona pofunda, ngati galu sakumenyedwa, ndipo Ivy ankayankha mafunso onsewo mosamala, podziwa kuti si galu yekha akufunsidwa. Pa benchi pomwepo bambo anaona mwana wake akutalika, anamva kuti wakhoza mayeso n'kuyamba sekondale yoyendera, anaona kuti wayamba kukhala ngati amayi ake, phazi limodzi litapindidwa pansi pa linzake. Nthawi zina zimenezi zinkamukomera, nthawi zina zinkamubaya, ndipo kawirikawiri zinkachita zonse ziwiri. Ivy akanyamuka, iye ankaima pamsewu mpaka njinga itazimirira, kenako n'kubwerera kukataya madzi a mumgolo.

Koma agalu sakalamba monga anthu, amafulumira. Dzungu pakamwa panayera imvi, anayamba kutsalira kumbuyo kwa njinga, ndipo Loweruka lina Benedicto pomutsuka kumimba anakhudza chotupa pabere, cholimba ngati kambatata. A Dokotala Anasi anachita opaleshoni n'kuchichotsa bwinobwino, koma anachenjeza kuti zotupa zamtunduwu zimakonda kubwerera. Chinabwereradi chaka chisanathe, ndipo sichinabwere chokha. Dzungu anayamba kutsokomola. A Dokotala anamumvetsera pachifuwa nthawi yaitali, n'kuuza Benedicto pambali kuti matenda afika m'mapapo, palibenso chodula, chatsala n'kumuchepetsera ululu ndi kudziwa nthawi yomupumitsa.

Benedicto anamva mbali yoyamba yokha. Anapereka mapiritsi, anasintha mapiritsi, anauza Ivy kuti dibi aisiye kaye koma bala la pachotupa chija likufunika kutsukidwa Loweruka lililonse. Dzungu sankathanso kuthamanga, choncho Ivy anamangirira kireti pakaliyala, n'kuyalamo chitenje chakale cha amayi ake. Bambo akafunsa ngati galu akudya, mwana ankati akudya. Akafunsa ngati akugona, ankati akugona. Benedicto anali atagwira agalu ambirimbiri pa moyo wake, ndipo manja ake ankamuuza pomunyamula kuti galu ameneyu akupepuka sabata ndi sabata. Iye anasankha kukhulupirira mwana m'malo mwa manja.

A Dokotala Anasi anali mayi wosakonda kuzungulira. Anapirira nazo mpaka nyengo yotentha, kenako Lachisanu lina madzulo, akutsuka zipangizo, analankhula osamuyang'ana.

"A Zulu, galu uja simukumuchiza. Mukungomusunga kuti mwana azibwera."

Benedicto anayankha kuti waona agalu oipirapo atadzuka, ndipo anatchula galu wa m'bale wa a Ismaili, amene matenda ake sanali ofanana n'komwe.

"Nkhani yanu ndikuidziwa, ndipo imandimvetsa chisoni," anatero a Dokotala. "Koma ine ndine dokotala wa galuyo. Akuvutika. Munthu wina akanabwera naye pano, inuyo mukanakhala woyamba kumuuza zoona."

Benedicto anapsa mtima, monga amapsera mtima munthu amene wauzidwa chinthu chimene akuchidziwa kale. Anapita kwawo osatsanzika. Koma mawuwo anapita naye limodzi, anadya naye, ndipo m'mawa anadzuka naye. Ankadziwa kuti a Dokotala akunena zoona. Ankadziwanso kuti Dzungu akapita, chifukwa chapita, ndipo lamulo la a Mateyo ndi lumbiro lake lija zidzatsala zitaima monga zinalili, mwana ali tsidya lina iye ali tsidya lino.

Loweruka limenelo Ivy anachedwa. Agalu onse anamizidwa, anauma, anapita. A Ismaili anasuzumira kumsewu kangapo n'kumangopukusa mutu. Pamene njinga inatulukira, Ivy sanali kupalasa koma kukankha, chifukwa mabampu ankamuliritsa galu. Benedicto ananyamula Dzungu m'kireti ndipo ulendo uno manja ake sanalole kunamizidwa. Anali mafupa okhaokha, akupuma mwabefu, m'kamwa muli mbuu. Galuyo atamva fungo la mbuye wake anayesa kugwedeza mchira, mchira n'kukana.

Anamugoneka patebulo. Ivy anaima pakhomo la chipindacho akupotokola nsonga ya chitenje, kenako zonse zinatuluka nthawi imodzi. Anati amalume anena kuti galu akubuula usiku wonse, anthu sakugona, ndipo Lolemba amutengera kudambo ndi chibonga. Anati Dzungu anasiya kalekale kudya, iye wakhala akumumwetsa phala ndi sipuni, ndipo masiku apitawa ngakhale phalalo likubwerera. Anati wakhala akunama.

"Unkanamiranji, mayi wanga?" anafunsa Benedicto, ngakhale yankho ankalidziwa.

"Ndimaopa kuti mukadziwa mumubaya jakisoni uja." Ivy anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ndiye ine kuno ndizibwera ndi chiyani, ababa?"

Benedicto anagwira m'mphepete mwa tebulo. Miyezi yonseyi ankaganiza kuti tchimoli ndi lake yekha. Tsopano anaona kuti anali awiri, bambo ndi mwana, aliyense akubisira mnzake, onse atakwera pamsana pa galu wokalamba amene analibe pakamwa poti n'kunena kuti ndatopa. Anachita manyazi, ndipo manyaziwo anali aakulu kuposa mantha aja.

Anamufotokozera Ivy monga ankafotokozera anthu ena onse, kuti jakisoniyo sapweteka, galu amangogona tulo n'kupitirira, ndipo kuti ndi bwino kuposa chibonga cha kudambo, ndi bwinonso kuposa sabata ina yonga yapitayi. Ivy anagwedeza mutu. A Dokotala Anasi anabwera ndi botolo la mankhwala n'kunena kuti abaya okha, koma Benedicto anapempha kuti amulole abaye iyeyo. Iye ndiye anamutulutsa m'katoni galu ameneyu. A Dokotala anamuyang'ana, anayeza mankhwala, anamupatsa, n'kuima chapafupi.

Anavula magolovesi. Anameta kaubweya pamwendo wakutsogolo, anapeza mtsempha, womwe unali wowonda ngati ulusi. Ivy anaika mutu wa Dzungu padzanja lake n'kumamusisita kuseri kwa khutu, pamalo paja pamene nkhupakupa zabodza zinkakhala. Galuyo ananyambita chala cha mwanayo kamodzi. Kenako befu uja anachepa, anachepa, n'kuleka, ndipo m'chipindamo munangotsala phokoso la minibasi zoitanira anthu a ku Lilongwe.

Kuseri kwa chipatala kunali dzenje lotayamo nyama zakufa. Ivy atamva za dzenjelo anakana. Anati Dzungu akaikidwa kwawo, patsinde pa mango aja pamene amayi ankakhala posenda mtedza, galu atagona pamapazi awo. Benedicto anafunsa kuti akumba ndani, dothi la mwezi uno louma gwa, ndipo mwana anayankha kuti akumba yekha. Sanapemphe kanthu. Anakulunga galu m'chitenje chija, anamuika m'kireti, n'kugwira mahandulo.

Bambo anati amuperekeza pang'ono. Anakankha njingayo ndi iye, mwana akuyenda pambali dzanja lili pakireti. Anadutsa msika, anasiya tala, analowa msewu wafumbi umene Benedicto ankaudziwa bampu lililonse. Pang'ono paja panatalika. Dzuwa linapendeka iwo akuyendabe pakati pa minda yolimidwa kale mizere, yongodikira mvula. Njira imeneyi ndi imene ankadutsa madzulo aliwonse kale, akudziwa kuti kutsogolo kuli utsi wa pakhomo pake, ndipo mtima wake wopusa unayamba kufulumira ngati kuti zinthu zikadali momwemo.

Mudziwo umayambira pa kamtsinje kouma kokhala ndi kamlatho ka mitengo. Benedicto anaima pamenepo. Anapereka njinga kwa Ivy n'kunena kuti apa ndiye pothera pake. Si kuuma mutu kokha. Munthu amene walumbira potchula wakufa, pamaso pa bwalo, sabwerera ngati wangoiwala chipewa. Ankaona kale amayi a pachitsime akugwirana m'manja ndi kuseka, ankamva kale anyamata akumutcha mkamwini wobwerera yekha. Ndipo pansi pa zonsezo panali kamantha kena kosatchulika, koti kuswa lumbiro lotere n'kunyoza malemu.

Ivy sanatsutse. Anati zikomo ababa, anagwada pang'ono, n'kuyamba kukankha. Pakamlathopo tayala lakumbuyo linalowa pakati pa mitengo, kireti inapendekeka, ndipo mwanayo anaigwira ndi phewa, akulimbana nayo yekha osacheuka. Sanacheuke dala, kuti bambo ake asaone ngati akuwakakamiza. Khalidwe limenelo Benedicto analizindikira. Linali la Consolata, amene ankasenza mtolo wolemera mwakachetechete mpaka iwe wekha uchite manyazi. Ndipo anadzifunsa kuti kodi mkazi ameneyo, atafunsidwa, angasankhe kuti dzina lake lisunge lumbiro kapena kuti mwana wake asakumbe yekha manda.

Anaponda pakamlathopo. Anatukula tayala, anawongola kireti, n'kuwoloka. Kumwamba sikunagunde, nthaka sinang'ambike, kunangolira mbuzi ya wina kumunda.

Anthu anamuona, inde. Ena anasiya kusinja, ena anatuluka m'nyumba kuti aonetsetse. Mayi wina wachikulire anamupatsa moni ngati anamuona dzulo, ndipo moni umenewo unamuvuta kuyankha kuposa chipongwe. Nyumba inali pomwepo, malata ake aja atayamba dzimbiri m'misomali, magwafa atakula kuposa denga. Sanayang'ane pakhomo nthawi yaitali. Anapempha khasu kwa amayi ake aang'ono a Ivy, amene anamupatsa pakamwa pali yasa, n'kupita kumango.

Dothi linali ngati simenti. Khasu linkangodumpha, thukuta likulowa m'maso. Ali mkati molimbana nalo anaona mapazi a munthu ataima pambali, ndipo sanafunikire kukweza mutu kuti adziwe eni ake.

"Alamu," anatero a Mateyo.

"Alamu."

"Pamenepo pali mizu. Sunthirani kuno." M'manja mwawo munali piki.

Anakumba mosinthana, wina piki wina khasu, amuna awiri amene anakalamba pang'ono chionanirane. Ivy anatsitsa yekha Dzungu m'dzenjemo ndi chitenje chake chomwe. Atakwirira, a Mateyo anagubuduza mwala n'kuika pamwamba kuti afisi asafukule. Kenako anatsamira mpini wa piki n'kulankhula akuyang'ana mwalawo.

"Ine ndili ndi mbuzi, alamu, nkhupakupa ndimazidziwa. Galu uja analibe zoti n'kupita nazo ku Boma." Anakweza maso n'kumuyang'ana Benedicto. "Za mwana, mawu anga sanasinthe. Wakula tsopano, ndi namwali, sangamayende yekha msewu uja popanda chifukwa, pakachitika kanthu afunsa ine. Koma njira yobwera kuno sindinaitseke ndine."

Benedicto anafuna kuyankha zambiri. Zina zinali zopepesa, zina zinali zakale zija zimene zinkafunabe kutuluka. Kwa nthawi yoyamba pa moyo wake anatseka pakamwa pake nthawi yabwino. Anangoti wamva, n'kubweza khasu.

Anamuuza kuti adikire chakudya koma iye anati kukuda, ayenera kukapeza kabaza kumsewu waukulu. Zoona zake n'zoti sakanatha kukhala pamkeka pakhonde limene anamanga yekha n'kumalandira madzi osamba m'manja ngati mlendo. Tsiku lina mwina adzatha, koma osati limenelo. Mwana sanali kupita naye, ndipo sadzapita naye. Kachipinda kaja kuseri kwa msika kankamudikira monga mwa masiku onse, ndi mbale yake imodzi.

Ivy anamuperekeza mpaka pakamlatho. Anaima tsidya la mudzi, manja ali kumbuyo, opanda chingwe choti agwire. Anayang'ana pansi, anakanda dothi ndi chala chakuphazi, kenako anafunsa mosayang'ana bambo ake.

"Nanga Loweruka?"

"Dibi ikatha ndibwera ine."

"Mubwera ndi chiyani? Kuti anthu akafunsa..."

"Chimanjamanja, mayi wanga. Akafunsa uwauze kuti abwera kudzaona mwana wawo."

Ivy anagwedeza mutu kangapo, milomo ataitsekera m'kati. Benedicto anawoloka n'kuyamba kuyenda, manja akununkha dothi ndi mankhwala a dibi. Zaka zonsezi iye ndiye ankaima pamsewu kuyang'ana msana wa mwana ukuchepa. Atafika pokhotera anacheuka, ndipo Ivy anali chiimire pakamlatho paja, akumuyang'ana.